Magazi a Alamu Anga pa Msewu wa ku Lusaka

Ulendo umene ndikusimba pano ndinayenda nkhondo ya azungu itangotha, nthawi imene asilikali ankabwerera m'midzi ndi majasi awo aatali. Sunali ulendo wanga. Ndinaperekeza alamu anga a Sitefano Banda, alongo ake a malemu mkazi wanga Agata, kuchokera kumudzi kwawo ku Kasenengwa mpaka ku Lusaka, kuti dokotala akawaone m'chikhodzodzo.

Ndiyambe ndi mmene ndinkakhalira. Kwathu ndi ku Chiparamba, koma ndinakwatira chikamwini. Agata atamwalira anandisiyira ana awiri, Lusiya ndi Petulo. Mwambo unali wodziwika: akameta maliro, mkamwini amasudzulidwa, amatenga mphasa ndi khasu lake n'kubwerera kwawo, ana amatsala kwa amalume awo. A Sitefano ndiwo anali mwinimbumba, ndipo anakana kundisudzula. Anati, "Musiyeni. Akachoka, ana awa awalimira ndani? Iwe Fabiano?" Fabiano anali mng'ono wawo, ndipo sankabisa kuti ankafuna dimba limene ine ndinkalima. Sindimuweruza, nayenso anali ndi ana. Koma mudzi wonse unkadziwa kuti ndikukhala ndi ana anga chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo tsiku limene pakamwapo padzatsekeke ndidzachoka ndekha.

Kwathu kukodza magazi sitinkakutcha nthenda. Mnyamata aliyense wosamba m'dambo ankakodza zofiira, ndipo tinkati wayamba kukula. Wochedwa tinkamuseka. Zinkatha zokha munthu akamera ndevu. Choncho pamene magazi anawabwereranso a Sitefano, imvi zili mbuu, iwo anakondwa. Ankauza anzawo pamowa kuti unyamata wawabwerera, ndipo abambo a ku mishoni akanalola akanatenga mkazi wachiwiri. Dzinja linapita, lina linabwera, iwo akunenabe zomwezo. Kenaka lamba anayamba kusowa pogwira, ndipo m'mkodzo munayamba kutuluka zibuluma.

Kuchipatala cha ku Foti Jemusoni, kumene lero mukuti ku Chipata, anayeza mkodzo wawo pagalasi n'kupeza mazira a likodzo. Anawabaya majekeseni. Amene anayamba nawo limodzi anachira n'kupita kwawo. Iwo ayi. Poyezanso, mazira anali atatha koma magazi analipobe. Dokotala anati munthu wamkulu akamakodzabe magazi mankhwala a likodzo atatha, pafunika kuona kumene magaziwo akuchokera. Anati pali kachipangizo konga bango, kokhala ndi kanyali kunsonga, koonera m'chikhodzodzo, koma kali ku Lusaka kokha. Anawalembera kalata.

Fabiano anati, "Achimwene, mukufuna mukafere kuchilendo?"

"Ndipita ndi mkamwini wanga," anatero a Sitefano. "Salankhula. Ndikafika makutu asanatope."

Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ndizo zinali ndalama zokwerera lole. Ana ndinawasiya kwa amayi awo aang'ono. Kupita ku Foti ndinawanyamula alamu panjinga ya mphunzitsi wa tchalitchi, ine ndikukankha, chifukwa kukwera tonse kunkawapweteka pamabampu. Tinafikira ku Kapata kwa mbale wina, ndipo kumeneko tinayamba kuphunzira kudikira. Lole inalipo, tinkaiona m'mawa uliwonse itaima kuseri kwa sitolo ya Mmwenye, koma sinkanyamuka isanadzaze matumba a mtedza. Tinkapita ndi mitolo yathu, tinkakhala pamthunzi, dzuwa likapendeka tinkabwerera nayo. Kamba amene tinakonzera ulendo tinayamba kumudya tisanatuluke m'tauni.

Itadzaza, anatikweza pamwamba pa matumbawo. Tinalipo ambiri, koma ndikukumbukira awiri. Wina anali msilikali, dzina lake Lungu, amene anakhala kumudzi pang'ono n'kupeza kuti sakukwanamonso, ndiye ankapita kumigodi. Wina anali mayi wa mwana kumsana, a Nambewe, amene ankatsatira mwamuna wake ku Kabwe. Dalaivala anali a Jere, munthu wa chipewa choyera amene ankalankhula nafe osatiyang'ana.

Msewu unali wafumbi, wa mizeremizere ngati thabwa lochapirapo zovala. Lole ikagunda dzenje alamu ankagwira pansi pa mchombo. Tisanapite patali anamenya denga la dalaivala kuti aime. Anatsika, analowa patchire, anabwerera. Patapita kanthawi anamenyanso. Pofika ku Katete a Jere anali atatopa.

"Madala, iyi si ngolo ya ng'ombe. Ndikaima pachitunda, muikankha ndinu?"

"Pepani, abwana."

"Kodi munameza chitsime?"

Anthu anaseka, alamu nawonso anaseka. Kuyambira pamenepo anasiya kumwa madzi. Ndinkawapatsa botolo, ankapukusa mutu.

Ku Sinda tinaima nthawi yaitali kutsitsa katundu. Amuna tonse tinapita kuseri kwa chulu, ndipo Lungu anaona magazi a alamu. Alamu anafulumira kukwirira ndi phazi, monga timachitira kuti munthu woipa asatolepo dothi, koma anali ataona kale.

"Zomwezi ndizo mukupitira ku Lusaka?" anafunsa. "Kunkhondo ambiri a ife tinkakodza choncho, mfuti ili paphewa. Madala, mukadali mwamuna inu. Azungu akakutsegulani, akatenga chimene chatsalacho."

"Mwamva, alamu?" anatero a Sitefano. "Ndinanena ine."

Koma ine ndinali nditaona zibuluma pansi, zakuda ngati chiwindi cha nkhuku. Za anyamata a m'dambo sizinkakhala choncho.

Tinagona pamphambano ya ku Petauke, tinagonanso ku Nyimba, chifukwa a Jere anali ndi anthu awo kumeneko ndipo anati injini ikufuna kupuma. Titadutsa Kachalola msewu unayamba kutsetsereka ndi kukhotakhota m'mapiri, kutentha kukukula. Pokhota pena lole inalira ngati nkhuni yothyoka n'kupendekera mbali imodzi. A Jere analowa pansi, anatuluka, anakhala pamwala n'kuyatsa fodya. Chitsulo chogwira gudumu lakumbuyo chinali chitaduka. Anati akhoza kumangapo mtengo wa tsanya, koma jeke yawo ndi yaing'ono, sitingakweze lole mpaka itabwera ina.

Tinatsitsa matumba onse. Tinadula tsanya. Kenaka panalibenso chochita.

Sindikudziwa mmene ndingasimbire masiku amene tinakhala pamenepo, chifukwa palibe chimene chinkachitika. Mitengo inalibe masamba. Tinkasuntha ndi mthunzi wa lole, m'mawa mbali iyi, masana pansi pake, madzulo mbali inayo. Madzi tinkakumba mumchenga wa kamtsinje kouma. Lungu anasimba za nkhondo mpaka zinamuthera, n'kuyambanso. Ine ndinkanena mapemphero a korona. Sindinkapempha kanthu. Zala zinkangoyenda.

Ndi pamenepo pamene mkodzo wa alamu unatsekeka. Ankapita patchire, ankaima nthawi yaitali atatsamira mtengo, ankabwerera thukuta lili kamukamu, osatulutsa kanthu. Mimba inatupa pansi pa mchombo. A Nambewe ndiwo anandifunsa, chifukwa mkazi sakanawafunsa okha.

"Achimwene, abambo awa anamwa madzi liti?"

"Ku Katete."

Anamasula mwana n'kundipatsa kuti ndimugwirire. Anatunga madzi m'chikho, anagwada patsogolo pa alamu.

"Bambo, imwani."

"Ndikamwa ndivutitsa anthu."

"Lole yake iti imene muimitse? Iyi yagona kale. Imwani. Ine ndili ndi mwana mmodzi woti ndimukakamize, musandiwonjezere."

Anamwa. Anawabweretsera china, anamwanso. A Nambewe anatenthetsa madzi ena, ananyika nsanza, anandionetsa poika. Dzuwa litapendeka alamu anapita patchire, ndinamva akubuula, kenaka anabwerera pang'onopang'ono n'kugona pansi. Anati chatuluka. Sindinapite kukaona.

M'mawa mwake tinamva injini kuchokera kumunsi. Inali lole yochokera ku Lusaka, yopita ku Foti, ndipo inali ndi jeke yaikulu. Madalaivala ali pansi pa lole, alamu anabwera pamene ndinakhala.

"Alamu, tikwere iyi tibwerere."

Ndinawayang'ana.

"Chija chinatsekera chatuluka. Ndikumva bwino. Msilikali uyu akunena zoona. Ngati n'kufa, ndikafere pamene akudziwa dzina la amayi anga."

Kalata ya dokotala ndi zitupa zathu zinali mumtolo wawo. Mtolowo unali pambali panga. Ndinasuntha n'kukhalapo, ndinatulutsa korona.

"Chokanipo."

"Ndangoyamba kumene, alamu."

"Mudzamalizira pansi."

"M'dzina la Atate..."

Sakanandikoka pamaso pa anthu, ndipo mphamvu yake analibe. Anaima pomwepo. Ndinanena korona yonse, ndinayambanso ina. Lole yathu inakwezedwa, tsanya anamangidwa ndi waya ndi zingwe zachikopa, jeke inabwezedwa. Dalaivala wa lole inayo anafunsa ngati pali wobwerera. Alamu anatsegula pakamwa, anandiyang'ana, anatseka. Lole inakwera phiri, fumbi lake linatsika pa ife.

"Mkamwini uyu ndinamusunga ndekha," anauza Lungu. "Njoka ya m'nkhokwe."

Sanandilankhule mpaka ku Luangwa.

Ponyamuka, a Nambewe anapatsa alamu chitini chimene ankaphikiramo phala la mwana, kuti azikodzeramo. Alamu anakana, anati sangachite zimenezo pamaso pa akazi. Mayiyo sanatsutse. Ankangoyang'ana nkhope yawo, ndipo akaona kuti yasintha ankamasula nsalu yakunja, ankapatsa mayi wina nsonga imodzi, ankaitambasula pakati pa lole, akazi onse n'kutembenukira kutsogolo n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinkakhuthula chitini kumbali. Lungu anasiya nthabwala zake. Nthawi ina anagwira chitinicho yekha, pamene ine ndinkawachirikiza alamu kumsana.

Tisanawoloke mtsinje panali chipata cha oyang'anira kashembe, ntchentche za kaodzera zija. Anatitsitsa tonse, analowetsa lole m'chishedi, anatseka, anaifukiza. Amuna a timaukonde anatizungulira, kutisuzumira kumsana ndi m'miyendo. Wina anaona zitupa. Pomaliza anati nthawi yowolokera yapita, tidikire kucha. Tinadikira. Mlatho wa Luangwa anthu ankausimba kwathu ngati chodabwitsa, wautali, woima pa zipilala zazikulu. Ndinauwoloka nditagwira chitini. Ndikukumbuka mlatho ukulira pansi pa magudumu, basi.

Tsidya linalo tinakwera mapiri ena, tinadutsa Rufunsa, tinaima ku Chongwe kuthira madzi mu injini. Ku Lusaka tinafika fumbi lili mpaka m'mano. A Nambewe anapita kokwerera sitima. Chitini anatisiyira.

Kuchipatala anawerenga kalata n'kuwapatsa alamu bedi. Ine ndinkagona kunja pamodzi ndi operekeza ena, tinkaphika pamafuwa kuseri kwa mpanda. Dokotala wa kachipangizo kaja anali atapita kwina, ndipo atabwera anali ndi ena oyamba. Anayezanso mkodzo, anayeza magazi, anawakanikiza pamimba. Lamulungu ndinafunsa njira ya kutchalitchi, ndinapita, ndinabwerera. Tsiku lawo litafika anawalowetsa m'chipinda, ine ndinakhala pakhonde. Pakhondepo panali nyerere zikukoka phiko la chiwala. Ndinaziyang'ana mpaka zinalilowetsa m'ming'alu.

Atawabweza pabedi, maso awo anali ofiira.

"Alamu, andilowetsa nyali m'mimba," anatero. "Ine kunyumba kwanga ndilibe nyali."

"Zinapweteka?"

"Musafunse zachibwana."

Dokotala anabwera ndi womasulira. Anafunsa kuti magazi anayamba liti. Alamu anati ali mnyamata. Anafunsa kuti anabwereranso liti. Alamu anawerenga mvula pazala. Kenaka dokotala analankhula, womasulira akutsatira. Anati likodzo la paunyamata limasiya zipsera m'chikhodzodzo, ndipo mwa anthu ena, patapita zaka, pazipserapo pamamera chotupa chimene chimadya mnofu. Lero mumachitcha khansa. Chikapezeka chidakali chaching'ono amatha kuchichotsa. Cha alamu chinali chitagwira khoma lonse n'kudutsa. Kudula sikukanathandiza. Anati akhoza kukhala pachipatala, kapena kupita kwawo ndi mankhwala ochepetsa ululu. Anawonjeza kuti tikauze anthu kwathu: munthu wamkulu akaona magazi mumkodzo asadikire.

Ndinamva zonse. Ndinkadikira kuti mumtima muchitike kanthu, koma simunachitike. Ndinaona kuti womasulirayo anavala nsapato zosiyana zingwe.

"Mufunseni," anatero alamu, "ndikolola?"

Womasulira anafunsa. Dokotala anati mwina adzaona chimanga chikumera.

"Zikomo, wanena bwino. Alamu, mangani mtolo."

Ulendo wobwerera sindiusimba wonse. Inali lole ina, dalaivala wina, msewu womwewo. Alamu ankamwa mankhwala awo n'kumasinza. Ndinkaganiza za dimba, kuti mwina ndisavutike kubzala. Ndinkaganiza za Petulo, amene anali asanadziwe kugwira bwino khasu, kuti adzaphunzitsidwa ndi Fabiano. Ndinkaganiza zimenezi ngati za munthu wina.

Ku Nyimba tinaima masana onse. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba, ndinawagulira nthochi, anadya theka.

"Alamu, ku Chiparamba kuli ndani?"

"Amalume, ndi alongo anga."

"Malo alipo?"

"Alipo."

"Tikafika mukamange nyumba kumeneko. Muwatenge ana."

Ndinati zimenezo sizichitika, ana ndi a mbumba yawo.

"Mbumba ndi yanga. Ndidakali moyo ine. Ndikanena ndili moyo, ndi mawu. Ndikafa, adzati mkamwini waba ana."

"Ndikhala mpaka mapeto, ndikusamaleni. Zinazo tidzaona."

"Mudzaona chiyani? Pamaliro pamakhala olankhula ambiri, ndipo inu simulankhula. Mudzakhala pa mtolo wa yani?" Anatsokomola, anagwira pamimba. "Ndikanabwerera ndi lole ija, bwenzi ndikuuzabe anthu kuti ndine mnyamata, mpaka tsiku londinyamula. Tsopano ndikudziwa kuti ndili ndi miyezi. Ndiigwiritse ntchito."

"Manda a Agata ali kwanu."

"Agata sathawa. Ndikupita komweko, ndikamuuza."

Titafika kumudzi sanalowe m'nyumba. Anakhala pakhonde ndi fumbi la ulendo n'kutuma kuti aitane alongo awo onse, ndi Fabiano, ndi mphunzitsi wa tchalitchi kuti akhale mboni. Ananena zimene dokotala anaona, osachepetsa. Akazi anayamba kulira, anawaletsa, anati nthawi yake idzafika. Kenaka ananena za ana.

Fabiano anati, "Achimwene, mwambo umenewu mwautenga ku Lusaka?"

"Ndautenga m'mimba mwangamu. Dimba tenga, ndi limene ukufuna. Ana apita ndi bambo wawo. Lusiya akadzakula adzabwera kudzavinidwa kuno, Petulo azidzabwera nthawi ya masika. Pali wotsutsa anene tsopano, ndikumva."

Alongo awo aakulu anati, "Mwanena ndinu." Fabiano anayang'ana pansi. Patapita masiku anabwera yekha kudzandithandiza kudula mitengo ya denga.

Tinasamuka mvula isanagwe. Alamu anatiperekeza ndi ndodo mpaka pamtsinje, pamenepo miyendo inakana, anakhala pamwala. Lusiya anagwada kuwatsanzika. Petulo anafunsa ngati amalume abwera mawa.

"Pitani, dzuwa likukwera," anatero. "Alamu, mwana uyu akadzayamba kukodza zofiira, musadzamuuze kuti wakula."

Tinawoloka. Pamwamba pa chitunda ndinacheuka, anali adakali pamwala paja.

Uthenga unatipeza ku Chiparamba chimanga chili m'mawondo. Ndinali m'munda ndi Petulo. Ndinamaliza mzere umene ndinali kupalira, ndinasamba m'manja, ndinaitana ana, tinanyamuka kupita kumaliro. Titaika, tinabwerera kwathu tonse atatu, ndipo palibe amene anatiletsa.